Amene Anadula Chingwe cha Aphunzitsi

Ndinali nditangotsegula shopu, nsalu yophimbira tebulo ndisanachotse n'komwe, pamene a Tayi anatulukira pakhomo ali wefuwefu. Dzina lawo lenileni mumsewu mwathu palibe ankalitchula. Bamboyu ankamanga tayi ngakhale popita kukataya zinyalala, ndiye dzinalo linangowamatirira.

"A Mawaya, tithandizeni msanga," anatero akupukuta thukuta. "Kompyuta ya Aphunzitsi yakana intaneti. Kwavuta kunyumba."

A Mawaya ndine. Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, ndipo ndinazolowera kale kuti aliyense wofika pashopu panga amabwera ngati wasiya nyumba ikupsa.

"Mwayesa kuzimitsa n'kuyatsanso?"

"Mpaka chala chatopa. Tiyeni chonde. Za malipiro musade nkhawa, ndilipo ine."

Aphunzitsi ndinkawadziwa bwino. Anandiphunzitsa ine, anaphunzitsanso theka la msewu wathu, kenaka anapuma pantchito. Chimwalirireni akazi awo ankakhala ndi mwana wawo wamkazi, yemwe ndi namwino, komanso mlongo wawo, amene tonse timangoti Azakhali. A Tayi ankachita lendi chipinda chakuseri. Ndinanyamula chikwama cha zida n'kutseka shopu.

"Changu chake n'chachiyani?" ndinafunsa tili m'njira. "Akuluakulu aja akufuna chiyani pa intaneti choti sichingadikire mawa?"

A Tayi anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Mzime wawo akudikira. Pali zoti amutumizire lero lisanathe."

Ndinaima chilili. Mzime wa Aphunzitsi, mnyamata yekhayo m'banjamo, anachoka pakhomo kalekale atakangana ndi bambo ake pa nkhani yosiya sukulu. Sanalembe, sanaimbe foni, ngakhale pamaliro a mayi ake sanaoneke. Ambiri tinkangoti anafera kutali.

"Wapezeka?"

"Ali kunja, zikumuyendera. Amalemberana ndi bambo ake tsiku ndi tsiku. Koma musakauze munthu, a Mawaya. Ndi chinsinsi cha pabanja."

Ndinangogwedeza mutu. Chinsinsi cha pabanja, koma chili m'kamwa mwa munthu wa lendi.

*

Kompyuta inali pabalaza, pa desiki yolemera ya pafupi ndi zenera. Inali ya mtundu wakale uja, chibokosi pansi, sikirini pamwamba, kiyibodi yake zilembo zina zitafufutika. Aphunzitsi anali pampando wawo, mwendo umodzi atautambasulira pa kampando kena.

"Akusokoneza ntchito chifukwa cha chimenechi?" anandifunsa. "Chisiye, mwana wanga. Chakalamba ngati mwini wake. Nacho chikufuna kupuma pantchito."

"Ayi, bambo," a Tayi analowerera. "Mwana akudikira. Musamukhumudwitse kachiwiri."

Mawu akuti kachiwiri aja anawalasa. Anatembenuzira nkhope kuzenera.

Pantchito yangayi umayamba ndi zapafupi. Pakona ya sikirini panali kachizindikiro ka intaneti kali ndi kamtanda kofiira. Ndinapempha pasiwedi ya waifai, ndipo amene anaitchula pamtima anali a Tayi. Foni yanga inagwira nthawi yomweyo. Ndinapita m'kolido kukaona rauta, kabokosi kogawa intaneti m'nyumba, ndipo timagetsi take tonse tinali kuphethira bwinobwino. Ndiye kuti intaneti m'nyumbamo inalimo, inkangolephera kufika pa desiki.

Chibokosi chija chinalibe waifai, chinkadalira chingwe. Ndinagwada n'kusuzumira kumbuyo kwake. Pamene pamalowa chingwe pamayenera kuyaka kagetsi, koma panali bii. Ndinachizula, ndinauzira fumbi, ndinachilowetsanso mpaka chinalira kuti tswa. Zii. Ndinachilumikiza ku laputopu yanga. Ziinso. Koma nditapita nayo laputopuyo pa rauta ndi kachingwe kanga kakafupi, masamba a pa intaneti anatseguka ngati madzi.

"Kompyuta yanu ilibe mlandu, Aphunzitsi," ndinatero. "Vuto lili pachingwe."

Ndinayamba kuchilondola ndi chala. Chinali chokhomerera ndi timisomali m'munsi mwa khoma, kuchokera pa desiki, kudutsa pansi pa zenera, n'kukalowa kuseri kwa kabati yaikulu ya mbale.

"Kabatiyo musaisunthe," Aphunzitsi anatero mofulumira. "Muli mbale za mayi."

"Tiisamala, bambo," anayankha a Tayi, atavula kale jekete.

Tinaikoka pang'onopang'ono mbale zikulira. Pamene panali miyendo yake panatsala timalo toyera pakati pa fumbi lochindikala, umboni wakuti kabatiyo inali isanasunthidwepo kwa nthawi yaitali. Koma cha m'mbali, fumbi linali litasesedwa ngati ndi mkono wa munthu amene anapisa dzanja pampata wa pakati pa kabati ndi khoma. Pomwepo chingwe chinali chokulungidwa ndi pulasitala wa pabala. Nditamatula, ndinatsala ndi zidutswa ziwiri m'manja.

"Makoswe amenewo," anatero Aphunzitsi, maso ali pazenera.

"Khoswe amatafuna, bambo. Sadula mosalala chonchi, ndipo akamaliza samanga bala." Ndinakweza zidutswazo kuti onse aone. "Chingwe ichi wadula ndi munthu wa m'nyumba muno."

*

Azakhali ndinawapeza kuseri akuchapa makatani m'beseni. Mayi amenewa ukawafunsa njira, amayamba akuuza za amene anailambula.

"Ine ndisaname, Mulungu akundiona," anayamba ndisanamalize funso. "Chinthucho sindichikhudza. Ndimangochipukuta pamwamba, nakonso ndi mantha, poti ena amati chimagwira. Dzulo m'mawa chimagwira ntchito. Ndimakolopa ine, icho chikuti ting'! ting'! Achimwene akuseka okha ngati mwana. Titadya masana ndinapita kumsika, ndipo kumsikako tomato wakwera, mwana wanga, simungakhulupirire."

"Munasiya ndani pakhomo?"

"Achimwene okha. A Tayi anatuluka m'mawa ndi chikwama chawo, anabwera dzuwa litapendeka. Namwino anali kuntchito. Pobwera ndinapeza achimwene akutsimphina, akuti bondo. Ndinawathowa ndi madzi otentha. Ndinawafunsa kuti mwagwa kodi, iwo n'kundikalipira ngati ndawatukwana."

"Nanga pulasitala m'nyumba muno amakhala kuti?"

Anasiya kuchapa. "M'kabokosi ka namwino, kubafa. Muli sizasi yake yomwe. Koma musamuganizire mwana wa achimwene, chonde. Kungoti..." Anapukutira manja pa chitenje. "Lilime langali lilibe fupa. Achimwene anandilumbiritsa kuti ndisamuuze za Mzime, poti mwiniwakeyo akuti akufuna adzamudzidzimutse mlongo wake. Koma dzulo m'mawa zinangondipulumuka. Ndinangoti, mlongo wako akuti kunjako kukuzizira. Mtsikana uja kapu inamupulumuka m'manja, phwa! Anatola zidutswa n'kupita kuntchito."

"Mzimeyo anapezeka bwanji?"

"Madalitso, mwana wanga! A Tayi ndi amene anawatsegulira achimwene zolemberana zija. Munthu wabwino bambo ameneyu. Madzulo aliwonse amakhala nawo pakhonde kusewera makadi, achimwene akusimba za Mzime, za ubwana wake, za tsiku limene anachoka, iwo ali chete kumvetsera. Anthu omvetsera chonchi anatha. Sipanapite nthawi, uthenga unangofika: Ababa, ndine. Tinalira tonse."

"Munamuonapo nkhope?"

"Akuti kamera yake inafa. Koma ndi mwana waulemu. Ngakhale magetsi akazima kuno savutitsa. Amadikira ayake, ndiye n'kulemba."

"Akazima tsiku lonse, simupeza uthenga ukudikira?"

"Ngakhale umodzi. Amachita ngati akuona." Anaseka n'kubwerera kubeseni. "Magazi ndi magazi, amamva."

Ine sindinaseke.

*

Namwino anali pa tchuthi tsikulo. Ndinamupeza m'chipinda chodyera akusita yunifolomu. Ndi mayi wosachulutsa mawu, maso ake otopa ngati a munthu amene waona zambiri.

"Mwabwera kudzakonza kapena kudzafufuza?" anandifunsa osadzutsa mutu.

"Ndikalumikiza osadziwa amene wadula, mawa adulanso."

Ndinamuonetsa pulasitala uja. Anamutenga, anamutembenuza, n'kumubweza.

"Ndi wanga. Koma sindinamange ine. Taonani mmene wapindikira. Ndikanamanga chonchi kuntchito akanandibweza kusukulu. Wamanga ndi munthu wonjenjemera manja."

"Dzulo masana munali kuti?"

"Muwodi, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kafunseni. Ndipo ine ndikanafuna kuletsa zimenezi sindikanalimbana ndi chingwe. Ndikanazula rauta yonse n'kukaiponya m'dzala."

"Munafuna kutero?"

Anaimika simbi. "Chiyambire dzulo ndikufunafuna mawu owauzira ababa. Mtima wawo ndi wofooka, a Mawaya. Mankhwala awo ndimawapatsa ndine. Kwa miyezi ingapo tsopano akudya bwino, akumeta ndevu, akuimba kubafa. Ndimayesa mankhwala akugwira. Ndiye ine ndipite ndikawalande chimenecho?"

"Mukawalande chiyani?"

"Amene akulemba uja si mlongo wanga."

"Mwaona mauthengawo?"

"Sindinaone ngakhale umodzi."

"Nanga mukudziwa bwanji?"

Anatenganso simbi n'kuyamba kusita kolala imene anali atasita kale. Nthunzi inkakwera pakati pathu.

"Mlongo wanga sali kunja," anatero potsiriza. "Musandifunse zambiri. Inu kafunseni ababa chimene munthuyo akufuna kwa iwo."

*

A Tayi ndinawapeza akuzungulirazungulira pabalaza, akuyang'ana wotchi.

"Kulumikiza kokha kukutenga nthawi yonseyi?"

"Chafupika, pakufunika chatsopano," ndinatero. Ndinawapatsa kiyi wa shopu. "Kuseri kwa chitseko kuli mpukutu wa chingwe chotuwa. Mukanditengere, ine ndizizula timisomaliti."

Anatuluka chothamanga. Geti litalira, ndinakoka mpando n'kukhala pafupi ndi Aphunzitsi.

"Bondo likupweteka bwanji, bambo?"

"Ukalamba."

"Ukalamba wake woyamba dzulo masana? Simenti ya pafupi ndi kabati ija ndi youma kwambiri kwa munthu wogwada."

Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso aja ankatiyang'ana nawo tikabera mayeso. Kenaka mapewa awo anagwa.

"Unali mwana wovuta m'kalasi," anatero. "Sunkasiya funso lisanayankhidwe."

"Munadulira chiyani?"

Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi m'mphepete mwa juzi. Manja ankanjenjemera.

"Anandiuza kuti akufuna kunditenga ndikaone kumene akukhala. Akuti kuti zitheke ndijambule chiphaso changa ndi mapepala a nyumba ino, ndisaine pepala lina limene atumize, zonse zipite lero. A Tayi anati andithandiza kujambula. Ine ndinavomera. Koma mtima unakana kukhazikika. Ndaphunzitsa ana kulemba moyo wanga wonse, mwana wanga. Munthu aliyense ali ndi kayendedwe kake pa mawu. Mwana wanga uja polemba ankadumphadumpha ngati chiwala, chiganizo sankachimaliza. Uyu amalemba mosalala ngati wogulitsa malonda. Ndinkadziuza kuti wakula, anthu amasintha."

"Kenaka?"

"Dzulo m'mawa ndinamupatsa mayeso. Ndinamufunsa kuti, ukuikumbukira njinga yofiira ija ndinakugulira utakhoza mayeso? Anayankha msangamsanga. Akuti ndingaiiwale bwanji, Ababa, ndinkaitsuka tsiku lililonse." Anavalanso magalasi. "Sindinamugulirepo njinga. Anaipempha mpaka misozi, ine ndinakana. Ndinati njinga imasokoneza sukulu."

Panja Azakhali ankaimba nyimbo ya kutchalitchi akuyanika makatani.

"Bwanji simunangokana kutumiza?"

"Ndikakana asiya kulemba." Ananena motsitsa kwambiri moti ndinachita kuwerama. "Ndikudziwa kuti ndi wakuba. Koma m'mawa uliwonse ndikayatsa chinthuchi ndimapeza mawu akuti, Ababa mwadzuka bwanji. Ndinaganiza kuti chingwe chikaduka, sindinakane, sindinavomere. Nyumba itsala, nayenso atsala. Nzeru za nkhalamba. Sindinadziwe kuti a Tayi akuthamangira iwe."

"Simunawatume ndinu?"

"Ine ndinati tidikire mwezi uthe."

Ndinaimirira n'kutsegula chikwama changa. Mapulagi a chingwe ndi kolumikizira ndinali nazo kale, sindiyenda popanda zimenezo.

"Aphunzitsi, ndiloleni ndilumikize. Pali mayeso ena amene ndikufuna timupatse. Koma muitane mwana wanu akhale pambali panu."

*

Ndinasenda nsonga ziwiri zija, ndinafinyira mapulagi, n'kuzikumanitsa. Kumbuyo kwa chibokosi kagetsi kanayaka, kamtanda kofiira kanachoka. Nthawi yomweyo mauthenga a dzulo madzulo ndi a m'mawa analowa motsatizana. Ababa muli kuti? Ababa nthawi ikutha. Ababa musanditaye kachiwiri.

Namwino anawerenga ataima kumbuyo kwa mpando wa bambo ake, dzanja lili paphewa pawo. Azakhali anafika thovu lili m'manja.

"Mukuona kadontho kobiriwira pafupi ndi dzinalo?" ndinafunsa. "Kakutanthauza kuti foni yake ili pa intaneti panopa. Kompyuta ino ikudya kuchingwe, siidalira waifai. Ndikazimitsa waifai ya m'nyumba muno, munthu wa kunja siziyenera kumukhudza. Yang'anitsitsani."

Ndinapita m'kolido n'kudina batani la waifai pa rauta. Ndinabwerera. Tonse tinali duu, maso pa sikirini. Kwa kanthawi sipanachitike kanthu, mpaka ndinayamba kudzikayikira. Kenaka kadontho kaja kanazima.

"Mayo!" anatero Azakhali.

Ndinakayatsanso. Titadikira pang'ono, kadontho kanabwerera.

"N'chifukwa chake salemba magetsi akazima," ndinatero. "Rauta ikazima, nayenso wazima. Kunja kwakeko ndi mumpanda muno. Azakhali, takaimani pazenera la chipinda chakuseri. Mukangotchera khutu."

Anatuluka akukoka masilipasi. Ndinawasunthira kiyibodi Aphunzitsi. Anayang'ana zilembo nthawi yaitali, kenaka ndi chala chimodzi analemba kuti: Ndabwera, mwana wanga. Anadina potumizira.

Mawu a Azakhali anamveka mpaka kumsewu.

"Yalira! Achimwene, yalira pansi pa pilo! Tumizaninso!"

Aphunzitsi sanatumizenso. Anangotseka maso. Namwino anatulutsa foni yake n'kupita nayo m'kolido, ndipo ndinamumva akulongosolera apolisi njira modekha, ngati akupereka malangizo a mankhwala. Asanamalize, geti linalira.

*

A Tayi analowa mpukutu wa chingwe uli paphewa, akumwetulira. Anaona sikirini ikuwala, anaona nkhope zathu, kumwetulira kuja kunauma. Namwino anadutsa kumbuyo kwawo n'kutuluka. Tinamva loko wa geti akutsekeka.

"Zatheka eti?" anatero. "Ndiye tijambuletu mapepala aja, bambo, nthawi..."

"Khalani pansi," anatero Aphunzitsi. Anali mawu a m'kalasi, ndipo a Tayi anakhala asanaganize. "Ndiuzeni za njinga yofiira."

"Njinga? Ine sindikumva."

"Munkaitsuka tsiku lililonse. Ndipo foni yanu yalira pansi pa pilo."

A Tayi anayang'ana kukhomo. Azakhali anali ataima pamenepo ndi mpini wa mopu.

"Foni ija ndi ya mnzanga, anangondisungitsa," anayamba. Anamasula tayi pang'ono. "Chabwino. Koma tanenani zoona, bambo, ndinakulakwirani chiyani? Ndinakupezani mukufa ndi chisoni. Simunkadya. Ndani anakudzutsani? Mwana wanu weniweni anakulemberanipo ngakhale kamodzi? Ine ndinakupatsani mwana."

"Ndipo mtengo wake unali nyumba," ndinatero.

"Mapepala okha! Ndikanangokongolera, n'kubweza bwinobwino."

"Tikanagona kuti ife?" anakuwa Azakhali. "Ndimakuphikirani tiyi ine! Ndimakuchapirani matayi amenewo!"

Aphunzitsi anakweza dzanja, onse anakhala chete.

"Zimene ndinkakuuzani pakhonde paja," anatero, "sindinauzepo munthu wina. Ngakhale malemu akazi anga. Ndinkayesa ndikutula katundu kwa mnzanga, osadziwa kuti mukutola n'kumasunga kuti mudzandigulitse nazo. Nyumba mukanatenga, ndi njerwa chabe. Koma munandichititsa kupepesa kwa mwana wanga, ndikulira, usiku ndi usana, pamene wolandira kupepesako munali inu, kuseri kwa khoma ili."

A Tayi anagwetsa nkhope pansi. Anakhala choncho mpaka apolisi awiri anagogoda pageti. M'chipinda chakuseri anapezamo foni ija pansi pa pilo, ndipo mmenemo munali macheza ndi nkhalamba zinanso za m'misewu ina, aliyense ndi mwana wake wotayika. Apolisiwo anawatenga a Tayi ndi chikwama chawo chomwe. Podutsa pakhonde a Tayi anaweramitsa mutu, ndipo Aphunzitsi sanatuluke kukaonerera.

*

Ndinatsala ndikukhomerera chingwe chatsopano m'munsi mwa khoma. Sindinafune kumvetsera, koma pabalaza ndi pabalaza.

"Ndakuchititsa manyazi," anatero Aphunzitsi kwa mwana wawo. "Munthu wophunzitsa ena kupusitsidwa ngati mwana."

"Simunapusitsidwe, Ababa. Munamugwira nokha."

"Ndinamugwira, koma ndinkamufunabe." Anapumira m'mwamba. "Iwe umandisamala, sindikana. Koma uja ndinamuthamangitsa ndine. Ndikafa osadziwa ngati ali moyo..."

Namwino anagwada patsogolo pawo. Anawagwira manja onse awiri.

"Ali moyo."

Hamala inandiima m'manja.

"Ali moyo, Ababa. Sali kunja, ndipo sizikumuyendera kwenikweni. Amawotcherera zitsulo pagalaja ina, ulendo wa tsiku limodzi pabasi. Pamene amayi ankamwalira anali kundende. Anamugwira ndi katundu wakuba amene anzake anamusungitsa. Atatuluka anandiimbira, n'kundilumbiritsa kuti ndisakuuzeni. Akuti, ababa ananena kuti ndidzathera kundende, ndiye ndikawaonetse nkhope iti? Mwezi uliwonse amandifunsa ngati mukumwa mankhwala."

Azakhali anakhala pansi pomwepo n'kufunditsa nkhope m'chitenje. Aphunzitsi sanagwedezeke. Namwino anawagwira pamkono, zala zake zikufufuza kugunda kwa mtima mwachizolowezi.

"Wakhala ukudziwa nthawi yonseyi?"

"Inunso mwakhala mukundibisira miyezi yonseyi."

"Nyumba ya anthu abodza," anatero Azakhali m'chitenje muja, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. "Wonena zoona ndine ndekha, ndiye mumati ndine wolongolola."

Aphunzitsi anaseka pang'ono, kuseka kwake kotuluka ndi misozi. Kenaka anafunsa ngati mwana wopempha chilolezo.

"Angayankhe?"

"Nthawi ino amakhala akupuma. Akaona nambala yanga amayankha. Koma akakuonani inu, sindikudziwa. Mwina adula."

"Akadula, adule. Ndikhala nditamuona."

Namwino anatulutsa foni n'kuyamba kuimba ya vidiyo. Inalira kamodzi. Aphunzitsi anagwira dzanja lake mwadzidzidzi.

"Dikira! Chipeso chili kuti? Asandione chonchi."

Azakhali anathamangira kuchipinda, koma anachedwa. Foni inasiya kulira. Munamveka phokoso la zitsulo, kenaka mawu a mwamuna, okhuthala, otopa.

"Asisi, kwagwanji? Ababa ali bwino?"

Namwino anangotembenuza foni n'kuiika m'manja mwa bambo ake. Phokoso la zitsulo lija linapitirira, koma munthuyo anangoti zii. Aphunzitsi anayesa kusalaza imvi zawo ndi chikhatho.

"Usadule," anatero. "Chonde, usadule."

Sanadule.

Ndinatola hamala ndi timisomali totsala, n'kutuluka mwakachetechete. Pakhonde ndinakumana ndi Azakhali atagwira chipeso, akuopa kulowa. Tinaima pamenepo tonse awiri, ndipo kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni, mayi aja sananene kanthu.